Majombo a Ba Tembo

Lachinayi, Ogasiti. Mphepo tsiku lonse, mtima wosakhazikika.

Fakitale itatsekedwa, ndalowa gulu lozimitsa moto wa m'tchire ku famu ya mitengo. Lero Ba Zulu, kapitawo wathu, anati, "Mphepo ikatembenuka, thawirani kumene kwapsa kale. Ba Tembo anathawira mu udzu."

Tinavula zipewa kukumbukira Ba Tembo, amene anafa atapsa ndi moto chaka chatha. Kenako Ba Zulu anandipatsa majombo akale, poti atsopano kulibe. M'kati mwake munalembedwa dzina la Ba Tembo. Tsiku la moto lija majombowa anali kosokedwa.

Andikwana ndendende. Akazi awo amagulitsa makala pa kona pathu, kuno ku Kalingalinga. Mawa ndidutsa pomwepo. Ndiwavale, kapena ndiwabise m'chikwama, kapena ndingowauza...