Kachidutswa ka Peni

Sighthill, Glasgow
9 Novembala 2025

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kuvuta popeza mwabwerera kotentha. Ife kuno tilipo. Kuzizira kwayamba, ndipo dzuwa likumalowa anthu asanaweruke n'komwe. Kalatayi ndapatsira mayi Tusekelege a kutchalitchi kwathu, aja ankakutengani pa galimoto yawo Lamulungu. Atsikira ku Chileka sabata ino, ndipo alonjeza kuima pa Ntcheu popita kwawo ku Karonga. Ndasankha pepala chifukwa pafoni mumandiika pa sipika, ndipo ndimamva azakhali akutsokomola pambali. Izi n'za inu nokha.

Pali nkhani imene sitinaikambe kuchokera Loweruka lija tinapita limodzi ku malo omwetsera mafuta. Inu simunaiyambe, inenso sindinaiyambe, mpaka munakwera ndege. Munaona zimene zinachitika, koma sindinakufotokozereni chiyambi chake, ndipo zimene zatsatira simukuzidziwa.

Kampani imene ndimagwirako ndi yaing'ono, Ababa, si ija mumauza anthu kumudziyo. Ndi zipinda ziwiri pamwamba pa malo okonzera matayala ku Govan, ndipo fungo la labala limatipeza mpaka pa desiki. Eni ake ndi a Thomson, mzungu wa msinkhu wanu. Timapanga pulogalamu ya pakompyuta imene imayendetsa tilu, makina aja olipirirapo m'sitolo. A Thomson anailemba okha kalekale ine ndili ku pulayimale, koma chiyambire kufooka maso awo, amene amaigwira ndine ndekha.

Kasitomala wathu wamkulu ndi a Rafiq a ku Pollokshields, amene ali ndi masitolo angapo. Chaka chino anagula malo omwetsera mafuta, ndipo anati tilu yomweyo igulitsenso petulo ndi dizilo, apo ayi asamutsa masitolo awo onse kupita ku kampani ina. Akanachoka iwowo, ife tikanangotseka chitseko.

Vuto lake linali ili. Kuno buledi, mkaka, sopo, zonse mtengo wake umathera pa peni yathunthu, monga zinkakhalira ndi tambala kwathu. Koma mafuta ayi. Munaona nokha pa zikwangwani zija: 142.9. Ka 9 kakumapetoko ndi kachidutswa ka peni, ndalama yoti palibe munthu anaigwirapo m'manja. Pulogalamu yathu sinkakadziwa kachidutswako. Ukailembera 142.9 inkangoti 143, ndiye munthu akathira malita ambiri, pampu inkanena zake, lisiti n'kunena zakenso. Kusiyana kwake n'kochepa, koma kuno oyang'anira miyeso sasekerera zoterozo. Choncho ndinayenera kulondola mtengo paliponse pomwe umadutsa: pa lisiti, pa msonkho, pobweza ndalama, potseka malonda a tsiku. Ukakonza apa, pena pankasweka. Ndipo masitolo a anthu anali akugulitsabe ndi pulogalamu yomweyo, osati zoti ungayambe waigwetsa n'kumanganso.

Ntchito imeneyi inagwera miyezi yomweyo imene munabwera. Ulendo wanu tinaukonza amayi atangotisiya, kuti mudzachokeko m'nyumba ija ndi kudzapuma pakati pathu. Ndinapempha tchuthi, a Thomson anavomera, kenako a Rafiq anatchula tsiku lawo ndipo tchuthi changa chinafera pomwepo. Ndinkachoka musanadzuke, pobwera n'kupeza mwandisungira chakudya m'mbale yovindikira. Akamwini anu a Flywell anali ku ntchito ku Aberdeen nthawi zambiri. Mdzukulu wanu Chiyanjano akabwera kusukulu, inu n'kumufunsa m'Chichewa, ankakuyankhani Chingerezi chake chija chimene ngakhale inu, amene munaphunzitsa Chingerezi moyo wanu wonse, munkati akulankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Iye ndi amene anandiuza kuti masana munkawoloka mlatho uja wa pamwamba pa msewu waukulu, n'kukayenda m'tauni nokhanokha mpaka bondo litayamba. Simunadandaule ngakhale kamodzi. Bola mukanadandaula.

Ndiye linafika Loweruka loyesa makina. Ndinakupezani mwavala kale jekete lanu lakuda la kutchalitchi, chipewa chili m'manja.

“Lero ndikaone kumene mwana wanga amagwira,” munatero.

Ndinalibe mtima wokana. M'galimoto nditakuuzani mwachidule kuti tikulimbana ndi ka 9, munaseka mpaka kupukuta misozi. “Kwathu anthu akugona pa mzere kudikira mafuta, kuno mukutuluka thukuta ndi chidutswa cha tambala!” Ndinaseka nawo.

M'mawa zonse zinayenda bwino. A Rafiq anakupatsani mpando pafupi ndi manyuzipepala ndi kapu ya tiyi, ndipo ndinkakuonani mukundiyang'ana kuseri kwa kauntala ndi laputopu yanga ngati ndikuyendetsa ndege. Galimoto iliyonse ikalipira ndinkayerekeza pampu ndi lisiti, zikufanana, mtima n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

Chakumasana kunabwera dalaivala wa takisi uja. Apa ndi pamene simunamvetse, ndiye ndifotokoze. A matakisi ali ndi khadi yawo yowachotsera mtengo, ndipo khadi imeneyo ikalowa, tilu imawerengeranso yokha podzera njira ina yakale imene a Thomson anailemba n'kuiiwala. Inenso sindinaione. Njira imeneyo inaona 1429 n'kuyesa kuti onsewo ndi mapeni athunthu, mtengo n'kukwera kakhumi. Bamboyo, mwa chizolowezi, analowetsa khadi yake ya kubanki osayang'ana, ndipo kunachoka mapaundi oposa mazana asanu m'malo mwa makumi asanu ndi kanthu.

Anafika pakhomo, anayang'ana lisiti, n'kubwerera. Mayi wa pa tilu, mwa mantha, analoza ine. Zina zimene ananena munazimva, zina zinakupitani chifukwa cha kalankhulidwe ka kuno. Ankati ndalamazo zinali za lendi, ndipo ngakhale titazibweza pompo banki itenga masiku kuti zimufike. Ankati ali ndi ana. Kenako anafunsa ngati kumene ndinachokera anthu amadziwa kuwerenga. Sitolo inali itadzaza, mvula ikugwa panja, anthu ali pa mzere ndi mabuledi awo kumangondiyang'ana.

Ndinamva mpando ukukhuluzika. Munaimirira, n'kulankhula ndi mawu aja munkatontholetsa nawo sukulu yonse pa asembule.

“Excuse me, sir. You are speaking to my daughter.”

Bamboyo anakuyang'anani kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Ndiye mwana wanuyo wandikokolola zonse zimene ndinali nazo.”

Ankanena zoona, Ababa. Munaima pomwepo, chipewa chili pachifuwa, kenako munawerama pang'ono n'kumuuza kuti tikupepesa. Tikupepesa, ngati kuti nanunso munalakwa nawo. Mawu onse a bambo uja ndikanawapirira, koma kuona inu, ndi imvi zanuzo, mukuweramira munthu wosamudziwa chifukwa cha ine, zimenezo zimandibwererabe ndikamatsuka mbale.

A Rafiq anatenga ndalama m'bokosi lawo lachitsulo n'kumupatsa bamboyo kuti agwirire podikira banki, ndipo anapita osatsanzika. Ine ndinapeza polakwika ndi kukonza tiyi wanu wachiwiri asanazizire. Unali mzere umodzi wokha wa m'pulogalamu ija. Pobwerera kunyumba munangondikumbutsa kuti sindinadye.

Tsopano zimene simukuzidziwa. Kuchokera tsiku lija makina sanalakwitsenso. A Rafiq akondwa, akuti akufuna kugula malo ena awiri. Patatha sabata inu mutanyamuka, a Thomson anandiitana kuti tikadye nkhomaliro pa kalesitilanti ka pafupi ndi ofesi, chinthu chimene sanachitepo zaka zonse ndagwira nawo. Anaitanitsa supu, anaivundula nthawi yaitali osamwa, kenako anati kampani aigulitsa kwa anthu ena aakulu a ku Manchester. Akhala akukambirana nawo kuyambira kumayambiriro kwa chaka, ndipo anthuwo ananeneratu kuti sagula pulogalamu yosadziwa kugulitsa mafuta.

“Ndiye kuti munkadziwa nthawi yonseyi?” ndinawafunsa.

“Ndinkadziwa, Nelia.”

“Bambo anga anachoka ku Malawi kudzakhala nane miyezi iwiri. Mukudziwa kuti ndinadya nawo masana kangati?”

Anapukusa mutu. “Ndikanakuuza, mwina ukanachoka ntchito isanathe, ndipo tikanamira tonse. Maso angawa akutha, mwana wanga. Chaka chamawa sindidzatha kuwerenga ngakhale dzina langa pa kompyuta. Ndinachita mantha.”

Ndinafuna kukwiya, Ababa. Ndinaufunafuna mkwiyo m'kati mwanga koma ndinangopeza kutopa. Ndinawaona akupapasa patebulo kufuna supuni imene inali pafupi ndi dzanja lawo, ndinaikankhira kwa iwo, n'kumaliza supu yanga. Si munthu woipa. Ndi iwo amene anandilemba ntchito pamene ena onse ankangoona dzina langa n'kukhala chete. Koma akanatha kundiuza.

Ofesi ya ku Govan itsekedwa kumapeto kwa Disembala. Mpaka nthawi imeneyo ntchito yanga ndi kuphunzitsa anyamata a ku Manchester pa vidiyo momwe pulogalamuyo imayendera, ndipo amandifunsa mafunso omwewomwewo tsiku ndi tsiku. Mabwana awo anandiitana padera n'kundiuza kuti akundifuna, malipiro oposa a kuno, koma ndisamukire kumeneko. Akuti ali ndi mapulogalamu ena akale ofuna kuphunzitsidwa kachidutswa komweko, ndipo aona kuti ine ndimatha. Ndinawauza kuti ndiyamba ndaganiza.

A Flywell akuti ndivomere. Akunena za nyumba imene tikulipirabe, ndipo sakunama. Akuti ndizikhala kumeneko m'kati mwa sabata, Lachisanu n'kumakwera sitima. Ndinawafunsa kuti iwo ali ku Aberdeen, ine ku Manchester, Chiyanjano amene akulemba mayeso chaka chamawa azimulera ndani, firiji? Tinakangana, osati mokuwa, koma kukangana kuja kwa anthu otopa, kumene wina amangodzuka n'kukatsuka kapu yoyera kale. Anabwerera ku Aberdeen nkhani ili m'malere.

Lachisanu lapitali ndinawalembera a ku Manchester kuti ayi. Akamwini anu sanadziwebe, ndiwauza akabwera Lachitatu, maso ndi maso. Inu ndinu oyamba kumva. Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Mapepala athu okhalira kuno ali bwinobwino, musade nkhawa ndi zimenezo, ndipo ntchito ina ndidzaipeza, anthu a ntchito yathuyi amafunika. Adokotala akuti magazi akuthamanga pang'ono ndipo andipatsa timapiritsi, koma si nkhani yoti muuze munthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti masiku ano ndikaima pa pampu kuthira mafuta m'galimoto yanga, manambala aja akamathamanga, ndimayang'ana kumbali.

Pempho langa ndi ili. Ndikufuna kubwera mu Januwale, ndekha, mwezi wathunthu. Laputopu ndiisiya kuno. Za womusamala Chiyanjano mwezi umenewo ndikambirana ndi bambo ake Lachitatu lomwelo. Ndikudziwa kuti ndi nthawi ya matope ndi udzudzu, ndiponso kuti mumakhala kumunda, koma ndi bwino choncho, ndizikutsatirani konko ngakhale khasu ndinaliiwala. Musaphe mbuzi. Musauze abusa kuti andiimiritse kutsogolo kwa mpingo ngati chaka chija, ndipo musaitane anyamata ofuna malangizo a momwe angapitire kunja, ndilibe chowauza. Anthu akafunsa, muziti wabwera kudzaona chiliza cha amayi ake, poti n'zoona, ndinangochiona pa chithunzi cha pafoni. Ngati n'kotheka mundikonzere kachipinda kaja amayi ankasokeramo. Makina awo musawachotse, ndigona nawo momwemo.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti mankhwala a chifuwa aja ali m'chikwama cha mayi Tusekelege pamodzi ndi masokosi anu. Moni kwa achimwene a Zangaphee ndi alamu ndi ana onse. Akafunsa muwauze kuti ndili bwino ndipo ntchito ikuyenda, poti mpaka Disembala ikuyendadi. Chiyanjano akupereka moni kwa agogo ake, ali pano akulimbana ndi masamu ndipo sakudziwa zimene ndikulemba.

Ndipo inu Ababa, ndikudziwa kuti mukamaliza kuwerenga mufuna kutenga cholembera n'kundiyankha mfundo ndi mfundo, monga mwa aphunzitsi. Ulendo uno musatero. Malangizo mudzandipatsa tili pakhonde, nditagona tulo tokwanira. Pakadali pano, ngati malo alipo, mungonditumizira liwu limodzi lokha pafoni, loti bwera. Ndikaliona ndigula tikiti.

Mulungu akusungeni mpaka ndidzakuoneni.

Ndine mwana wanu,
Nelia