Malamba a Sipuleya

Okondedwa Bambo a Tisa,

Landirani moni. Kaya muli bwanji ku Solweziko? Kuno ku Chiparamba tili bwino, kungoti chifuwa cha amayi sichinathebe.

Tirigu wathu wa kudimba wayamba kutulutsa ngala. Alangizi atayeza dothi anati muli poizoni wochokera m'mabatire akale amene anthu amataya kumtunda kuja. Anandipatsa mankhwala a zinki opopera masamba kuti tiriguyo asayamwe poizoni wambiri.

Dzulo ndinapopera ndekha. Sipuleya itadzaza, panalibe wondibereketsa. Ndinaikhazika pachitsa, n'kugwada, n'kuibereka ngati mwana. Malamba ake akadali a msinkhu wanu. Imandimenya m'chiuno ndikamayenda, koma sindinawafupikitse.

Kupopera kwachiwiri ndi mwezi wamawa. Chonde bwerani mudzaibereke nokha. Mulungu akusungeni.

Ine mkazi wanu,
Amake Tisa