Mchenga wa m'Thumba Nambala Eyiti

Kanjedza, Limbe
14 Ogasiti, 2024

Wokondedwa mng'ono wanga Tisungeni,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kuchilumbako. Kuno tilipo, kupatula Amayi amene bondo likuwavutabe, ngakhale kuti ku Mvano sajomba. Kalatayi ndapatsira a Nasreen, anzako aja anabweretsa katoni ya miyala, poti akubwerera ku Mozambique Loweruka. Ndikanatha kukuimbira foni, koma zimene ndikufuna kukuuzazi sindingazinene iwe ukundimva mawu.

Ndinakunamiza. Makina a kuntchito kwathu sanawonongeke ayi. Matumba ako onse khumi ndi awiri ndinawayeza sabata yomwe anafika.

Katoniyo ndinaitsegulira pa tebulo lomwe lija ndimayezerapo konkire ya omanga misewu. Unalemba bwino, ndikuyamikire: nambala wani kunsi kwa thanthwe, thwelofu pamwamba penipeni. Kuyambira wani mpaka seveni zili monga unanenera, mwala woyera wa korali wodzaza ndi zigoba za nkhono za m'nyanja ya mchere, ukaudonthezera asidi umachita thovu. Nayini mpaka thwelofu chimodzimodzi. Koma nambala eyiti, umene unalemba kuti ndi mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, si wa m'nyanja. Nditautsuka n'kuusefa ndinapezamo dothi lofiira, timabowo tosiyidwa ndi mizu, komanso tinsangalabwi tosalala, pomwe mapu ako omwe akuonetsa kuti pachilumbapo palibe thanthwe la mtundu umenewo. Munalinso tinkhono titatu ta m'madzi opanda mchere, tonga tija tinkatola m'madambo a Shire tikapita kutchuthi ku Bangula.

Ukumva tanthauzo lake. Nyanja inachokapo pamalopo, ndipo inakhalitsa mpaka panamera zomera. Mtsinje wochokera kumtunda unkadutsa pomwe lero mumawoloka maola atatu pa boti. Chilumba chakocho chinali cholumikizana ndi mtunda, kenako nyanja inabweranso n'kukwirira zonse.

Nditaona zimenezi ndinaimirira n'kuvina ndekha mu labu, magolovesi ali m'manja. Kenako ndinakhala pansi, chifukwa ndinakumbukira kuti dzina lomveka likhala lako.

Tisu, za miyala ndinayamba kuphunzira ndine. Mabuku amene unakhozera mayeso anali anga, ndi zolemba zanga m'mphepete. Mwayi wa sukulu yakunja utandipeza, Ababa anali chigonere, ndipo wotsala pakhomo anayenera kukhala wamkulu. Sindinadandaule, kapena ndinkadziuza choncho. Koma Lamulungu la sabata yomweyo ya katoni, Amayi anayenda ndi chithunzi chako chija uli pa boti, chipewa kumutu, kuonetsa azimayi onse pabwalo la tchalitchi ku Chilobwe. Mayi wina anandiloza n'kufunsa kuti, "Nanga aakuluwa amatani?" Iwo anangoti, "Awa amayeza simenti ku Limbe." Ndinaseka nawo. Koma pasiteji ndinasiya minibasi ziwiri zidutse, kudikira kuti m'maso muume.

M'mawa mwake ndinatenga thumba nambala eyiti n'kupita nalo kunyumba. Ndinalibisa m'kabati ya mbale, kuseri kwa makapu a alendo. Ndimadziwa kuti mwezi wamawa ukakamba pamsonkhano ku Maputo kuti nyanja sinachokepo pamalopo. Ndimadziwanso kuti tsiku lina wina adzakumba pomwepo n'kukutsutsa. Maganizo anga anali oti winayo ndidzakhale ine. Masabata atatu ndakhala ndikukuyankha pa foni mwachimwemwe, thumbalo lili pomwepo.

Lachiwiri alamu ako analipeza pofuna kapu ya tiyi.

"Amake Marvin, mchenga ukutani pakati pa mbale?"

Ndinafuna kunama, koma pathumbapo panali dzanja lako, ndipo iwo amalidziwa. Ndinawauza zonse.

"Ndiye mukufuna mwanayo akachite manyazi pagulu?"

"Eya," ndinatero.

Iwo anabwezera thumbalo pomwe linali, n'kutseka kabati bwinobwino, n'kunyamuka wa kuntchito tiyi osamwa. Akanandikalipira bwenzi ndili ndi choyankha. Koma mawu akuti eya amenewo anandilira m'makutu tsiku lonse, chifukwa kufikira pamenepo ndinali ndisanadzimve ndikuvomera.

Thumbalo lili ndi a Nasreen, pamodzi ndi zithunzi za pa maikulosikopu ndi masamba asanu a zimene ndapeza. Ubwerere pathanthwe paja ukatsate mzere wa dothi lofiira lija cha kumadzulo. Ngati sindikulakwa, ukapeza ukunka nukula, nayo miyala ikukulirakulira, chifukwa madziwo ankachokera kumeneko. Usakalankhule ku Maputo usanapiteko, chonde.

Usaganize kuti nsanje yatha. Ikadalipo. Ngakhale pano ndikulemba, ndikukuona utaimirira kutsogolo kwa akatswiri ukufotokoza za mtsinje wanga, ndipo cholembera ndachigwira molimba mpaka chala chapweteka. Ndiye ndili ndi mapempho. Dzina langa likhalepo pa pepala lako la kafukufukuyu. Poyamba ndinalemba kuti likhale loyamba, ndafufuta. Uliike pomwe mtima wako ukuuza, ukamaliza kundikwiyira. Za kabati Amayi usawauze. Koma za mtsinjewo uwauze wekha, ndi pakamwa pako, kuti anaupeza ndani. Ine ndikanena aziti ndikudzitama.

Marvin akuti moni, akufunsabe za nkhono yaikulu imene unamulonjeza. Alamu ako nawonso akupereka moni, ngakhale kuti ine akungondiyankha mwachidule. Uzidya mokwanira, pachithunzi paja wawonda. Ndipo ukapeza mpata, undilembere mmene nyanjayo imanunkhira m'mawa ndi mmene imamvekera ikamamenya thanthwelo. Osatumiza chithunzi, ulembe. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuiwerenga m'mabuku ndi m'miyala, koma ndi maso angawa sindinaionepo.

Ndine mkulu wako,
Idah