Kanyale Kamene Kanathamangitsa a Jailos

Chitakale,
Mulanje.
12 Okotobala, 1992.

Okondedwa achimwene a Morris,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Durban kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, kungoti chilala chatipweteka ndipo chimanga tikudya chogula. Kalatayi ndaipereka m'manja mwa a Bonface amene akubwerera kumeneko Lachisanu, chifukwa zimene ndalembamo sindifuna kuti wina azitsegule m'njira.

Lamulungu pa 4 Okotobala, titaweruka kutchalitchi, panali msonkhano pakhonde pa amayi. Analipo amayi, atsibweni athu a Wyson, achemwali a Joice, akulu a mpingo awiri anzawo a atsibweni, ine, ndi alamu anu a Jailos, amene anawakhazika pansi kufupi ndi khola la mbuzi. Atsibweni anawerenga kalata yanu ya pa 14 Seputembala kawiri, mokweza. Munalemba kuti, "Ngati mkamwiniyo wawononga galimoto yanga ndi petulo wachinyengo, mumulande makiyi." Achimwene, mawu amenewo munalemba ndi dzanja lanu, osafunsa ine mlongo wanu amene ndimagona nyumba imodzi ndi munthuyo. Ngakhale dzina lake simunalitchule. Ndiye lero mundimvere, ndikuuzeni zonse m'mene zinayendera.

Galimoto munatitumizira ija inafika pa 27 Juni. Munati inachokera ku Japani pa sitima, ndipo tiziyendetsa hayala kuti amayi asamavutike. A Jailos anasiya ntchito yawo ya lole ya tiyi, imene anagwira zaka zisanu ndi zinayi opanda ngozi, chifukwa inu munawapempha. Galimotoyo inayenda bwino mpaka Lachitatu pa 19 Ogasiti. Tsiku limenelo akuchokera ku Muloza, kutsogolo kwa chiwongolero kunayaka kanyale kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini. Kuyambira pamenepo galimoto inayamba kutsokomola pa chitunda, kufooka ikanyamula anthu, ndipo ikaima pa siteji imazima yokha. A Jailos anazolowera malole opanda tinyale totere. Anayang'ana oyilo, madzi, malamba, zonse zili bwino, koma kanyale osazima.

Atsibweni ndiwo anayamba kunena kuti a Jailos amagula petulo wa m'zigubu wosakaniza ndi palafini, ndalama yotsala nkuika m'thumba. Pano ndisakubiseni. Kamodzi, pa 2 Ogasiti, anaguladi malita asanu a m'chigubu ku Muloza, chifukwa ananyamula mayi wodwala matenda a kubereka ndipo tanki inali itatsala pang'ono kuuma. Anandiuza tsiku lomwelo. Ena onse ndi a pa filing'i sitesheni, malisiti makumi awiri ndi atatu, malita 614, ndipo ndinawasunga m'chitini cha mabisiketi. Ndiulule chinanso chimene chimandichititsa manyazi: atsibweni atalankhula kwambiri, inenso ndinakayika. Masiku atatu ndinkanunkhiza malaya a amuna anga ndisanawachape, kufuna fungo la palafini.

Pamsonkhano paja malisiti sanafunsidwe. Atsibweni atamaliza kuwerenga anapinda kalata yanu nati, "Akamwini, pamudzi pano munabwera ndi bulangete limodzi. Likadalipo?"

A Jailos anati, "Lilipo, apongozi."

"Ndiye kalipindeni. Kuno timafuna mkamwini wolima, osati wopha galimoto za eni ake."

Mukudziwa kuti mkamwini sayankha mwini mbumba pamaso pa anthu. Anagwada, naika makiyi pa mphasa ndi manja awiri. Lolemba m'mawa ananyamuka kupita kwawo ku Phalombe. Ine ndinali pomwepo, chitini cha malisiti chili m'chitenje, ndipo sindinatsegule pakamwa. Chimenecho ndidzafa nacho.

Masiku atatu galimoto inaima pansi pa mtengo wa mapeyala. Atsibweni sadziwa kuyendetsa, ndiye masana ankangokhala m'katimo, zenera lotsegula, kumvera wailesi ndi kupatsa moni odutsa. Lachinayi pa 8 ndinagulitsa nkhuku zanga zitatu ndi kupita kwa a Mustafa, amakaniko a kuseri kwa msika wa Chitakale, amene anagwirapo ntchito m'magalaja a ku Joni. Anabwera pa njinga kudzaitenga. Atsibweni anakana kupereka makiyi pokhapokha nawonso apite, ndipo anakhala mpando wa kutsogolo, ine kumbuyo pamodzi ndi njinga.

Titafika, a Mustafa anatsegula boneti, natenga kawaya, nakapinda, nakalowetsa m'timabowo tiwiri ta kabokosi kamene kali pafupi ndi batire. Kenaka anandiitana. "Achemwali, khalani apa pa chiwongolero. Ndikatembenuza kiyi kanyale kaja kayamba kuphethira. Muwerenge, musadumphe."

Kanaphethira kawiri, nkupuma, kenaka kasanu. Ndinawerenga maulendo atatu kuti ndisaname.

"Ziwiri ndi zisanu," anatero a Mustafa. "Galimoto za masiku ano zimanena zokha pamene pakupweteka. Injini imadya zinthu ziwiri, petulo ndi mpweya, chilichonse ndi muyeso wake. Iyi ikudandaula kuti mpweya wachuluka, petulo wachepa. Ili ngati tiyi wa pamaliro, masamba dzanja limodzi, madzi mgolo wonse."

Atsibweni anati, "Ndi palafini uja ameneyo."

"Che Wyson, mwafulumira. Ine ndisanaone sindiweruza."

Anakoka petulo wa m'tanki m'botolo, nanunkhiza, nadonthezera pa pepala loyera. Pepala linauma osatsala banga. Anati palafini akanasiya mafuta papepalapo, ndiponso malita asanu a mu Ogasiti anapsa kalekale. Anamasula mapulagi: onse anayi anali oyera ngati phulusa, ndipo anati ndicho chizindikiro cha injini yanjala, imene imatentha mopyola. Anachotsa sefa ya petulo naipuzira ndi pakamwa, mpweya unadutsa bwinobwino. Anayesa pampu, petulo anathovoka mwamphamvu. "Chakudya chikufika," anatero. "Ndiye kuti mpweya ukulowa pakhomo losadziwika." Anandisonyeza kabokosi kamene kamayeza mpweya wolowa, nati mpweya uliwonse wolowera kuseri kwa kabokosi kameneko injini siuwerenga, ndiye siwonjezera petulo.

Analiza injini, natenga chidutswa cha paipi ya madzi, mbali ina kukhutu, ina nkumayendetsa pa injini monga achitira adokotala pachifuwa. Atafika pa paipi yaikulu yakuda ya labala imene imapititsa mpweya mu injini, anaima. Anandipatsa kuti ndimve: munkamveka kulira kwa mpweya ngati tayala la njinga lobooka. Anadonthezera petulo pang'ono kunsi kwa paipiyo, ndipo injini inakweza mawu yokha. Anaizimitsa, namasula paipiyo, naitembenuza padzuwa, naipinda.

Achimwene, kunsi kwa paipiyo kunali mabala asanu ndi anayi. Mizere itatu, uliwonse mabala atatu, ofanana msinkhu, odulidwa mosamala. M'kati mwake munali zinthu zakuda zonunkha mafuta a nsatsi. Palibe mwana wa ku Mulanje amene sadziwa chimenecho. Zinali mphini. Munthu wina anatemera galimoto yanu.

Atsibweni anati, "Ndi makoswe."

A Mustafa anayang'ananso paipiyo nati, "Khoswe ameneyu anapita kusukulu, che Wyson. Amawerenga zitatu zitatu, ndipo amayenda ndi lezala." Anthu amene ankadikira njinga zawo pagalajapo anaseka, koma ine sindinaseke. A Mustafa anapitiriza, "Munthu ukamutemera, chilonda chimapola. Labala sapola. Poyamba timabala tinali tating'ono, koma kutentha ndi kugwedera kwa msewu wa Muloza kwatikulitsa. Dalaivala wanu alibe mlandu. Ndipo akanakhala wina wothamangitsa galimoto, bwenzi pano injini itapsa."

Anatsuka paipiyo, naimata ndi labala wa chubu ndi guluu wa mapachi, nachotsa waya wa batire kanthawi kuti kanyale kaiwale. Tinayenda mpaka ku Likhubula ndi kubwerera, mitunda yonse ija osatsokomola, kanyale osayaka. Ulendo wonsewo atsibweni ankayang'ana minda ya tiyi ngati akuiona koyamba.

Titafika kunyumba ndinafunsa amayi, ndipo analira asanayankhe. Anati Loweruka pa 11 Julaye, ine ndi a Jailos tili kumaliro a azakhali awo, atsibweni anabwera ndi sing'anga wa ku Milanje, kutsidya kwa malire, wonyamula kathumba ka chikopa. Anawauza amayi kuti apite akachezere a Joice. Pobwera anapeza boneti yotsegula, munthuyo akupukuta lezala, akunena kuti watemera pakhosi pa galimoto kuti maso a anthu ansanje asaigwetse. Amayi ankadziwa kale zimenezi tsiku la msonkhano lija, koma sanaganize kuti zikukhudzana ndi kanyale, komanso ankaopa mlongo wawo. Amayiwo sindikuwaimba mlandu.

Lachisanu masana ndinapita kwa atsibweni. Ndinagwada bwinobwino monga anatiphunzitsira amayi, ndipo ndinati, "Atsibweni, poti zadziwika, muitanitse anthu aja muwauze kuti a Jailos sanabe."

Anati, "Anesi, galimotoyo yagubuduzikapo?"

Ndinati ayi.

"Yagundapo munthu?"

Ndinati ayi.

"Ndiye mankhwala agwira ntchito. Ine ndinateteza chuma cha mwana wa mlongo wanga. Ukufuna ndikagwadire mkamwini? Mawa mbuzi nazonso zidzafuna ndizipepese." Kenaka anatsitsa mawu nati, "Ndipo za mphinizi zisamveke kumpingo. Ukudziwa udindo wanga."

Taonani, achimwene. Dzina lawo ndilo lofunika kulisunga. La bambo wa ana anga anaitanira akulu a mpingo awiri kuti adzaone likuponderezedwa. Iwo ankadziwa kuti analowetsa munthu wa lezala mu injini, koma pokulemberani kalata sanatchuleko. Anasankha amene sangayankhe. Ine sindinaphunzire kwambiri, ndinalekera sitandade sikisi, koma chimenechi ndikuchidziwa kuti ndi choipa, ndipo inu munachithandiza ndi sitampa yanu.

Loweruka pa 10 ndinakwera basi kupita ku Phalombe. Ndinawapeza a Jailos akuumba njerwa kuseri kwa nyumba ya amayi awo. Ndinaziwerenga ndi maso, zinali zitapitirira mazana anayi. Munthu wobwera kudzapumula saumba njerwa. Ndinawafotokozera zonse, za kuphethira, za pepala, za mphini. Anamvetsera manja ali m'matope, ndipo anangofunsa kuti, "Mapulagi anawabwezera bwino?" Ndinati anabwezera. Ndinawauzanso za malaya ndinkanunkhiza aja. Anati, "Ndinkakuona, amake Lily."

Nditawapempha kuti tibwerere limodzi anati, "Ndinachoka kutacha, anthu akuona. Sindingabwerere ngati mbuzi yosochera imene yangolowa m'khola. Amene analemba kuti ndilandidwe makiyi alembenso."

Ndiye ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, mugule paipi yatsopano kumeneko, chifukwa ku Limbe a Mustafa afunsa ndipo kulibe. Nambala yake ndalemba pa kapepala kamene ndamatira kumbuyoku. Akuti chigamba chawo chingafike Disembala, osapitirira. Chachiwiri ndicho chachikulu. Mulembe kalata, ndipo muitumize kwa ine, osati kwa atsibweni. Ndidzaiwerenga ndekha pakhonde lomwe lija, kwa anthu omwe aja. Za mphini musalembe ngati mukuwamvera chisoni atsibweni, ine sindikufuna kuti achotsedwe pa udindo. Mungolemba kuti a Jailos sanabe, kuti munalakwa, ndipo muwatchule dzina.

Makiyi ali ndi ine. Ndinawatenga m'manja mwa a Mustafa ndipo sindinawabweze. Galimoto ili bwino koma siyenda, chifukwa palibe wina adzaikhudze. Ikafika pa 15 Novembala kalata yanu isanabwere, ndidzatenga Lily ndi Danieli kupita ku Phalombe, ndikadzale kumeneko. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mkazi sasiya munda wa amayi ake kutsata mwamuna, ndipo anthu adzandinena. Amayi ndawauza kale. Sanandiletse, anangofunsa kuti adzawatungira madzi ndani. Funso limenelo ndalipereka kwa inu.

Amayi akupereka moni, akuti mwendo wawo wachepako kutupa ndipo mafuta opaka munatumiza aja atha. A Joice akupereka moni. Lily wakhoza mayeso a teremu, anakhala wachinayi. Danieli akuti muwauze amalume kuti galimoto yachira, ndipo madzulo aliwonse amakaima kumsewu kuyang'ana mabasi ochokera ku Phalombe. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

A Jailos sanapereke moni. Ndinawafunsa kawiri ndisanakwere basi.

Ndine mlongo wanu,
Anesi.