Lupanga la Eni Ake

Lachiwiri, 4 Novembala

Rotherham. Kamvula kawoka, kosanyowetsa koma kosatha. Mawondo ngati obwereka.

Mdzukulu wanga Miracle wagona, ndapeza mpata. Dzanja langali la sukulu ya kwacha, limayenda ngati nkhono, pakamwa ndiye mtsinje. Koma ndicheze ndi yani? Ernest mwana wanga ali kuntchito yosamalira okalamba. Mkazi wake Shirley kuchipatala. Khandali limangoseka chilichonse, ndi nthano ya maliro yomwe. Ndiye kope lino limve.

Nkhani yabwino. Loweruka tikupita ku Leeds ndi lupanga. Ernest wapeza mzungu wodziwa zinthu za Ajapani, bambo Terence. Akawerenga kansalu kolembedwa kamene kanamangidwa pachimake, tidziwe eni ake. Ndi chimene ndinakwerera ndege ine nkhalamba. Mwanayu anabwera yekha ku Zomba, kuthamanga ndi mapepala ofesi ndi ofesi mpaka lupanga linaloledwa. Pakhonde paja anati, "Amayi, mawu a agogo tikawakwaniritsa." Ndinalira. Ndinati ndinabala.

Lachitatu, 5 Novembala

Madzulo ano kunja phuu! phuu! Makombola. Akuti mwambo wawo. Abambo anga ondibala akanakhalapo akanalowa pansi pa tebulo, chibwerere ku nkhondo sankafuna ngakhale nsungwi yophulika pamoto.

Abambo, msilikali wa Keyala, ku Bama. Nkhondo itatha Ajapani anafola kupereka zida. Wina wamfupi, tsitsi lometa, anafika pa iwo. Lupanga m'manja awiri. Anawerama, osati kwa abambo, koma kwa lupangalo. Kuthwa kwake analozetsa kwa iye mwini. Abambo ankati, "Sanandipatse ngati wogonja. Anandipatsa ngati mayi wosiya mwana kwa mnansi."

Kenaka anamulondera miyezi kundende. Chiyankhulo panalibe, anawaphunzitsa ndi manja okha. Usanaligwire, werama. Posolola, kuthwa kuyang'ane kumwamba, pang'onopang'ono. Chala pachitsulo ayi, chimasiya dzimbiri. Osalilumpha likakhala pansi. Osaloza nalo munthu. Ndipo likakhala pamtunda, pakamwa tseka. Malovu. Abambo ankaluma mpango mpaka libwerere m'chimake.

Achimwene anga awiri tsiku lina anakadula nalo nthochi. Chikwapu chake mudzi wonse unamva. Ndiye anasankha ine. "Iwe Mwandida cholongolola, ukatha kukhala chete pa ichi ndiye kuti chasungika." Ndinatha. Ine amene ndimalankhula ndi m'tulo momwe.

Akumwalira mawu anali awa basi: "N'la eni ake. Munthu uja anali ndi ana."

Lachisanu, 7 Novembala

Ndalipukuta lero. Kansalu kofewa, kadontho ka mafuta a makina osokera. Ngwee! Kamzere kaja ka m'mphepete kakuonekabe ngati mtambo.

Shirley analowa ndili pakati, nayamba za tiyi. Ndinangomutambasulira dzanja, anabwerera. Pambuyo pake akuti ali ndi mankhwala okwechera mapoto, angandithandize. Okwechera mapoto! Ndamuuza kuti akakweche a kwawo.

Sindikumukhulupirira. Masiku ano iye ndi Ernest manong'onong'o kukhitchini, ine ndikalowa zii. Ndimangomva viza, viza. Mkazi ameneyu maso ali pa lupanga, ndikuona.

Loweruka, 8 Novembala

Tabwerako. Chimanjamanja.

Lamulungu, 9 Novembala

Ndilembe, mwina chifuwa chipepuka.

Tinapita pa galimoto ya Ernest, lupanga lokulunga m'chitenje, m'bokosi lake. Sitolo ya zinthu zakale, mawotchi, mipando. Bambo Terence wamtali, waimvi, waulemu. Anayala nsalu yoyera patebulo. Ndisanatero ine, iye anawerama. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinati abambo, onani, kuno kuli munthu.

Ndinaluma mpango. Ndinasolola. Ndinamupatsa kuthwa kuli kwa ine, analandira bwinobwino, napita nalo pawindo. Kuliyang'ana, kulitembenuza, osapumirapo. Akafuna kunena kanthu ankatembenuzira nkhope kumbali.

Mpamene Ernest anayamba. Kumbuyo kwanga, Chingerezi chothamanga. Ine Chingerezi sindimva, inde. Koma okushoni ndimaidziwa. Malemu bambo ake anagulitsa fodya ku Limbe mpaka msana unapindika, sukulu ya Ernest yemweyo inachokera ku okushoni. Ndinamva. Kenaka ndinamvanso.

Mpango uli m'kamwa. Lupanga lili pamtunda, m'manja mwa wina. Kulanda sungalande, ndi mwano, ndiponso ungacheke munthu. Ndinacheuka kumuyang'ana Ernest. Anandiyang'ana pakamwa. Pakamwa penipeni! Natenga cholembera, nasaina pepala patebulo lina.

Amadziwa. Anakulira pamphasa akundionerera ndikupukuta. Ali mwana ankandiseka, amati nthawi yopempha ndalama ya maswiti ndi imeneyi, amayi sangakane.

Litalowa m'chimake ndinalavula mpango. Okushoni ya chiyani? Iye: "Mwamva zina amayi, latsala kuti aliyeze." Nanga kansalu? "Akuti zilembo zinafufutika." Njira yonse ndinalankhula. Anakweza wailesi.

Lero kutchalitchi aliyense kaluwa kofiira pachifuwa, kukumbukira asilikali. Ernest nayenso kake, kowongoka bwino. Tinaimirira chete. Ndinayang'ana kaluwako mpaka maso anawawa.

Lolemba, 10 Novembala

Pansi pa bedi pali mzere wa fumbi pamene panali bokosi. Sindinasese.

Tiyi yekha. Miracle dzino loyamba.

Lachitatu, 12 Novembala

Ndinamuphulikira Shirley. Ndinati make Miracle, mwadya mwakhuta, mwamutuma mwana wanga agulitse agogo ake. Anaika kapu pansi. Sanakweze mawu. "Amayi, ine ndakhala ndikukana kuyambira chaka chatha."

Chaka chatha.

Ndiye kuti pamene ankakwera ndege kudzanditenga, nkhani inali itapsa kale. Mapepala aja, thukuta lija, mawu a pakhonde aja. Ine n'kumauza mudzi wonse, ndi abusa omwe, kuti ndili ndi mwana. Amayi a Mvano anandiimbira nyimbo pondiperekeza.

Shirley anaimba foni kwa bambo Terence ine ndili pompo, n'kumandimasulira. Kansalu sikanafufutike. Dzina likuwerengeka, ndi dera lakwawo. Loweruka lomwe lija anamuuza Ernest kuti alipo anthu othandiza kufufuza mabanja otere. Ernest anayankha kuti amayi atopa nalo, akufuna lichoke. Mzunguyo anaona ndili phee, anati ndavomera.

Okushoni kumapeto a mwezi. Wochotsa lupanga pamndandanda ndi yekhayo amene anasaina.

Ndamupepesa mpongozi wanga. Mawu anatuluka mokakamira ngati chimanga chokazinga chopanda madzi, koma anatuluka.

Lachinayi, 13 Novembala

Ernest wabwera yekha kuchipinda. Kukhala pampando, osati pansi. "Amayi, mwini wake anafa kalekale. Agogo anafa. Ife tili moyo. Mapepala athu akutha, mukudziwa mtengo wake? Mukufuna Miracle akakulire kuti?"

Sindikuti akunama. Ndimamuona akubwera mapazi atatupa, kununkha mankhwala, kugona ndi nsapato. Dziko lino limadya anthu ake osatafuna.

Akanandipempha ndikanavomera? Ayi. Koma akanandisiyira pakamwa pokanira. Tikanakangana, ndikanamutukwana, mwina ndikanagulitsa munda wa kudimba. Zimenezo ndi za mayi ndi mwana. Iye anadikira ndilume mpango.

Ndinamufunsa chimodzi: unasankha nthawi ija dala? Anayang'ana hita yotenthetsa m'chipinda. Anatuluka.

Loweruka, 15 Novembala

Shirley sanapite kuntchito. Basi, sitima, mpaka ku Leeds, Miracle kumsana kwanga mkati mwa jasi, azungu kumangocheuka.

Bambo Terence atationa anafiira makutu. Ndinapempha kuligwira kamodzi. Anabwera nalo. Ndinawerama, ndinalandira, ndinakhala pansi. Pansi penipeni, pakati pa sitolo, miyendo tambalale, lupanga pamiyendo. Lili m'chimake. Ndiye pakamwa panga mpanga.

Ndinayamba ndi sitima ya pamadzi imene inatenga abambo. Misundu ya ku Bama yolowa m'nsapato. Mjapani wamfupi. Nthochi za achimwene. Shirley kumasulira, thukuta kamukamu, nthawi zina amati, "Amayi pang'onopang'ono, Chingerezi chandithera." Ndimati kabwerekeni kwa aneba. Mayi wina wodzagula wotchi anakhala pampando wogulitsa, osachokanso. Tiyi anabwera. Ndinamwa ndi dzanja limodzi, linalo osasiya.

Ndinati muuzeni bamboyu, pano sindidzuka. Akafuna agulitse ndi ine ndemwe, aone ngati alipo wogula nkhalamba yopanda mano. Anaseka, kenaka anasiya kuseka. Anaimba foni.

Ernest anafika ndi yunifolomu ya kuntchito. Pakhomo anaima ngati wapondedwa. "Amayi mukundichititsa manyazi." Ndinati bwera pafupi, manyazi ake uwaone bwino.

Bambo Terence anamufunsa funso limodzi, Shirley anandinong'oneza: lupangali n'la ndani? Ernest anayang'ana mawotchi onse a m'sitolomo. Anayang'ana mkazi wake. Ine ayi. Kenaka kamawu kakang'ono, ka Chingerezi. Shirley anati, "Akuti n'la amayi."

Si langa. Koma lero ndinalekerera.

Pepala linang'ambidwa. Panali kandalama kolipira chifukwa chobweza, Shirley anatulutsa khadi lake osayang'ana mwamuna wake. Podzuka mawondo anakana. Ernest anatambasula dzanja kuti anditengere lupanga. Dzanja limodzi, linalo lili ndi makiyi. Ndinapatsa Shirley. Anapukuta manja m'siketi, nalandira ndi awiri. Palibe anamuuza.

M'galimoto wailesi sanayatse.

Lamulungu, 16 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Msana.

Bambo Terence anajambula kansalu kaja, atumiza kwa ofufuza. Akuti yankho lingatenge zaka, mwinanso osabwera. Ine viza yanga ikutha mu Malichi. Zaka ndilibe.

Ndaganiza usana wonse. Kubwerera nalo ku Zomba, ndikafa adzalipeza Ernest yemweyu. Kulisiya kuno, nyumba ndi yake yomweyi. Mwana mmodzi yekha amene ndinatsala naye. Ndinkati tsiku lonyamuka ndidzamukhazika pamphasa, ndimupatse monga abambo anandipatsira. Mawu ake ndinali nditakonza kale, okoma, ndinkawayeseza posamba.

Mapepala awo akuthabe, zimenezo sizinasinthe. Ndamuuza Shirley alembere mlamu wanga za munda wa kudimba, apeze wogula. Ndi za Miracle, si za bambo ake.

Ndamuitana madzulo ano mpongozi wanga. Ndati make Miracle, kasambeni m'manja, mubwere ndi mpango woyera. Akuti, "Ine amayi? Wa mapoto uja?" Ndati inu nomwe. Kabati ya kuchipinda kwawo ili ndi loko, kiyi azisunga kuntchito.

Wapita kukasamba. Bokosi ndatulutsa, nsalu ndayala. Chitseko ndakhoma mpaka abwere.

Wina akugogoda. Si kagogodedwe ka Shirley. "Amayi, ndilowe? Ndingoonerera."

Agogode.