Sitata ndi Makosi Atatu

Lolemba, 3 Juni

Mtima ukungodumpha! A Folomani a ku galaja kumene Ababa amagwira ntchito abwera okha kuno, ovololo ili bii ndi oyilo. Akuti Loweruka amakaniko akutsanzikana ndi Ababa poti akupuma pa ntchito, ndiye akufuna wophika. Ine! Phwando langa loyamba lenileni, osati zija zongoitanidwa kukasenda anyezi.

Ababa sakudziwa. Kuyambira pamene ndinasiya kosi yanga ya ukalaliki n'kupita kukaphunzira zophika, sanalawepo chakudya changa. Nyimbo yawo ndi imodzi: "Kuphika ndi ntchito? Amako aphika moyo wawo wonse opanda satifiketi." Loweruka adya, afune asafune. Ndikufuna mawu oti ntchito atuluke pakamwa pawo.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndazembera ku galaja Ababa atatuluka kukayesa galimoto. Ndawafotokozera a Folomani menyu: makosi atatu. Sitata, kenako chakudya chenicheni, pomaliza dizeti, zotsekemera.

"Sitata? Ya galimoto yanji, mwanawe?"

Ndaseka mpaka misozi. Ndati ndi kachakudya kotsegulira m'mimba, supu ndi kabanzi. Agwedeza mutu, koma maso ali mu injini. "Bola anthu akhute." Zakumwa ndi juwisi ndi zoziziritsa kukhosi basi. Zinazo akuti akaonera okha kunja kwa geti.

Lachitatu, 5 Juni

Bafeti ayi. Amakaniko ukawauza kuti adzitengere okha, woyamba pamzere anyamula nkhuku yonse. Ndiwaperekera patebulo, aliyense mbale yake, ngati kuhotela.

Lachinayi, 6 Juni

Kuwauza Amayi chinsinsi ndi kutunga madzi ndi dengu. Ndapita kukabwereka sefuliya yaikulu ija, ndapeza Ababa pakhonde, amva kale zonse.

"Ndamva kuti makosi atatu. Imodzi ija inakukanika, atatu uwatha?"

Amayi awatsina pamkono. Ndaseka nawo, koma pobwerera ndalira pang'ono, sefuliya ili m'manja. Zandiwawa, ndisaname. Tionana Loweruka.

Lachisanu, 7 Juni

Nyumba yonse ikununkhira adyo ndi tsabola. Nkhuku zanyikidwa m'zokometsera, mpunga tasankha, keke yafufuma bwino moti ndinaivinira. Mlamu wanga wabwera kudzathandiza, pakamwa osapuma. "Nsalu zoyera patebulo, anthu ake a oyilo? Alamu, mwadya chiyani?" Maseviyeti opukutira pakamwa tapinda ngati maluwa. Mafoloko obwereka sakufanana, ena aatali, ena ngati a ana. Palibe adzayeze.

Miyendo yatupa koma ndikungoyimba.

Loweruka, 8 Juni

Ndilembe ndisanaiwale!

Magalimoto anawatulutsa, dzenje lija amalowamo pokonza kunsi kwa galimoto analiphimba ndi matabwa, matebulo pamwamba. Amakaniko atasamba, atavala majekete, ena sindinawazindikire n'komwe. Ababa kumutu kwa tebulo, tayi itawakola pakhosi.

Supu inatuluka. Panangomveka masipuni. Mbale zonse mbee, ine kuseri ndikuotcha nkhuku, mtima uli m'malo. Mwadzidzidzi mlamu anafika akuthamanga.

"Alamu, anthu akunyamuka!"

Ndinasuzumira. Zoona, atatu ali kale pageti. Mmodzi wa iwo, Wamatayala, akunong'oneza mnzake, kunong'ona kwake komveka mpaka pamsewu: "Phwando lake ndi lomweli? Madzi otentha ndi kabanzi?" A Folomani sanauze aliyense za makosi. Ndikukayika ngati iwonso anamva tsiku lija.

Kenako Ababa anaimirira, manja ali kumbuyo. "Pepani anzanga, mwanayu akuphunzirabe..."

Pamenepo ndiye ndinapsa mtima. Kundipepesera pagulu, nkhuku zili phwii mu uvuni! Ndinagwira chipande n'kumenya chivundikiro cha sefuliya, ngwe ngwe ngwe.

"Mabwana, mukupita kuti? Imeneyo inali sitata chabe! Kodi galimoto mumatsikamo sitata itangolira?"

Kenako a Folomani anaphulika kuseka mpaka kumenya tebulo. "Khalani pansi, anthu inu, injini sinagwire!" A pageti aja anabwerera liwiro, wina mpaka kukhala pa mpando wa mwini.

Ndiye tinatulutsa mpunga, nkhuku zootcha, nyama ya ng'ombe, mbatatesi, saladi. Kunali m'manja ndi malikhweru ngati kumpira. Mafoloko anawataya pambali, maseviyeti anga a maluwa anathera kupukuta zala. Nsalu zoyera zija, mlamu ananena zoona. Itafika dizeti, keke ndi zipatso, Wamatayala anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Achemwali, iyi ndiye buleki?" Ndinati inde, buleki yake ndi imeneyo, akatha apake galimoto.

Amakaniko awiri apempha nambala yanga, wina mwana wake akukwatiwa. Ndikanauluka!

Koma Ababa. Anadya zonse, mbale kuyeretsa, osandiyang'ana. Pochoka anangoti, "Zikomo," monga amanenera kwa kondakitala. Chimwemwe changa chili ndi kabowo.

Lamlungu, 9 Juni

M'mawa ndikutsuka mulu wa mbale, kugogoda pachitseko. Ababa. Akuti adzatenga sefuliya ya Amayi. Iwo, amene sadziwa n'komwe pamene imakhala.

Anaima pakhomo la khitchini, akutembenuza makiyi m'manja.

"Makosi aja unati angati?"

"Atatu, Ababa."

"Hm. Onse wamaliza."

Ndinangoyang'ana thovu m'beseni, kuopa kuti nkhope indiulula.

"Ntchito yakoyi," anatero, "siyoyenda nayo pa minibasi. Mapoto, mbale, zonsezi zimafuna galimoto. Ine nthawi ndili nayo tsopano."

Ati ntchito. Ndamva ndi makutu angawa.

Panopa ali patebulo, apinda manja a malaya, akupukuta mafoloko osafanana aja limodzilimodzi. Angofunsa ngati sitata ija inatsalako. Ili pamoto.