Mluzu wa ba Oswell

Shikabeta,
9 Julayi 2024.

Okondedwa mng'ono wanga ba Luckson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kabwe kumeneko pamodzi ndi mlamu wanga ba Edness ndi ana. Kuno tadzuka, chimanga chalowa m'nkhokwe, koma ine mtima suli m'malo. Akulemba ndi mwana wanu Marjory, poti mudziwa kuti ine cholembera sindinachigwirepo, ndipo sindidandaula. Ndamuuza alembe zotuluka pakamwa panga zokha, zake asunge.

Mpikisano wa mabwato pa Lunsemfwa uliko Loweruka lomaliza la mwezi uno, ife akuno ndi anzathu akutsidya. Mwambo ndi womwe uja munausiya: ogonja amanyamula bwato la opambana pamapewa kuchoka padooko mpaka pamlambe, wowongolera atakhala momwemo. Chaka chatha ananyamula ine. Ba Oswell, amene amagwira nkhafi yakumbuyo m'bwato lakutsidya, anali pansi panga penipeni, akubuula kuti ndikulemera ngati mvuu yapakati. Ndinawauza kuti chikulemeracho ndi luso.

Tsopano mverani za anyamata a m'bwato langa. Akunong'onezana kuti chaka chino kumbuyo kukhale Chanda, mwana wa dzulodzuloli amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira nkhafi. Ati maso anga achita ng'ala. Ndi kankhungu chabe, ba Luckson, kamabwera ndi dzuwa. Kuchipatala ku Mpanshya anati ndipite akandikonze diso limodzi, ine ndinati ndidzabwera mpikisano ukatha. Mtsinje suthawa, koma mpando wakumbuyo ukauchoka kamodzi subwereranso.

Mukumbukira Mwala wa Chule, uja umabisala pansi pa madzi pokhota? Kale inu mumakhala kutsogolo, mukangoti "kumanzere, akulu," ine ndakhota. Chichokereni inu sindinapeze wina womumvera. Anyamatawa amakuwa onse pamodzi ngati anapiye, munthu osadziwa womva. Ndiye zaka zapitazi ba Oswell anayamba khalidwe loipa. Tikamayandikira mwalawo amaimba mluzu wakuthwa, ngati akuitana galu, kundinyoza pamaso pa anthu. Ine ndi ukali ndimakankha bwato kumanzere kuti ndiwatsekere njira, n'kudutsa bwinobwino. Chaka ndi chaka choncho.

Lachiwiri lapitali tinali kuyeserera, mabwato onse awiri. Ndinali kudikira chipongwe chawo chija kuti ndiwaonetse. Kuli zii. Ndikupalasa, ndikudikira, kenako gu! bwato pamwala, Chanda m'madzi miyendo m'mwamba, azimayi ochapa kutsidya mpaka kugwira nthiti. Bwato linang'aluka pang'ono chabe, tamata kale ndi phula. Chanda akuti anakuwa. Kaya.

Tsiku lomwelo ndinawoloka kukawafunsa ba Oswell kuti chipongwe chawo chinapita kuti. Ndinawapeza pakhonde atagwira kansalu kukamwa. Anangoyasamula n'kundigwira dzanja kuti ndiyandikire. Kutsogolo konse nkhama zokhazokha. Mano aja anawavuta chaka chonse anakawazulitsa sabata yatha.

"Mluzu unatsala m'mbale ya adokotala, mdala," anatero. "Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Panatuluka mphepo ndi malovu."

Ndinawauza kuti palibe anawapempha kuyesa, ndipo ine mtsinje uwu ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Anaseka, kuseka kwake koipa kwa munthu wopanda mano.

"Kupambana munthu ali pamwala kuli ndi kukoma kwanji? Ine ndifuna kukugonjetsani muli pamadzi, mundinyamule ndi msana wanu womwewo."

Ndinanyamuka osatsanzika. Anandiperekeza mpaka padooko, ati kunjira kuli zitsa zatsopano. Zitsa za kutsidya ndi zawo, ndinawalola.

Chiyambire tsikulo sindikhala pansi. Ndikapita padooko ndifuna kunyumba, ndikafika kunyumba ndifuna padooko. Marjory akuti ndamaliza udzu wa m'njira. Anyamata anabwera dzulo ndi ulemu wambiri, zipewa m'manja, kunena kuti nkhafi yakumbuyo ndi yanga ndithu ngati kutsogolo kukhala munthu amene ndingamumvere. Apo ayi, Chanda. Ndinawauza kuti ndamva, ndipo adikire.

Choncho ndati ndikudziwitseni kuti denga la nyumba ija amayi anasiya layamba kugwa, ndipo si bwino mwana mmodzi yekha kumaliona. Bwerani mudzalione mwezi uno usanathe. Mukatsika basi ku Mpanshya, njinga zamoto zikufika kuno masiku ano, msewu wauma. Poti mudzakhala mwafika kale, mukhoza kukhalako kutsogolo kwa bwato, kungokhala chabe, kupalasa ndi kwa anyamata. Sindikupempha. Ndangoti malo alipo.

Ngati maondo aja akukanizani, pitani mumsika mugule wenzulo, ija amaliza oimbira mpira, yolira kwambiri, mupatsire wodalirika wobwera kuno. Si yanga. Ndi ya ba Oswell. Munthu wamkulu kukhala wopanda chonyozera mnzake n'zomvetsa chisoni, ndipo akagonja asadzanamizire mano.

Mupereke moni kwa mlamu wanga ndi ana onse. Ba Oswell akuti moni, ati mubwere mudzathandize mkulu wanu kunyamula. Chanda nayenso akuti moni, mwana wabwino, tsiku lake lidzafika koma si chaka chino. Marjory wasiya kulemba kawiri konse, akufwenthera. Kaya akuseka kaya akulira, pamene wakhalapo pali kankhungu, sindikumuona bwino nkhope.

Musachedwe, mng'ono wanga. Madzi akutsika, mwala uja ukukwera.

Ndine mkulu wanu,
Morgan,
wa nkhafi yakumbuyo.